Mafunso a Owerenga pa Zakuthambo: Kodi Mdima wa pa Zithunzi za Saturn Umatanthauzanji?

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino akufunsa za zithunzi za Saturn, pulaneti lachisanu ndi chimodzi kuchokera ku dzuwa, limene limadziwika ndi mphete zake. Pafupifupi onse akufuna kudziwa chinthu chimodzi, chakuti malo akuda amene amaoneka pa zithunzizo ndi chiyani kwenikweni. M'chinenero chathu mawu akuti chithunzi, mthunzi ndi chithunzithunzi ndi apachibale, ndipo pa nkhani ya Saturn ubale umenewu ndi weniweni, chifukwa zambiri zimene asayansi akudziwa za mphetezo anaziwerenga pa mithunzi. Makalata ena tawafupikitsa.

FUNSO: Wokondedwa Mkonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Ndinaonetsa ophunzira anga chithunzi cha Saturn chojambulidwa ndi chombo cha Cassini. Kumtunda kwa pulanetilo kuli mizere yakuda yopindika, ina yokhuthala, ina yopyapyala, ndipo kuseri kwake mphete zikuoneka ngati zadulidwa ndi mpeni. Mtsikana wina anafunsa ngati mphetezo zinathyoka pamenepo. Ndinamuyankha kuti ayi, koma ineyo sindinakhutire ndi mmene ndinalongosolera.

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo munamuuza zoona, pakuti mphetezo n'zathunthu. Zimene munaona ndi mithunzi iwiri yobwezerana, wina wa mphete umene wagwera pa pulaneti, wina wa pulaneti umene wagwera pa mphete. Saturn alibe kuwala kwakekwake, ndipo mphete zake, zomwe ndi zidutswa zosawerengeka za madzi oundana, zina zazing'ono ngati mchenga, zina zazikulu ngati nyumba, nazonso zimangobweza kuwala kwa dzuwa. Choncho thupi la pulanetili, limene pa ikweta ndi lotambalala makilomita oposa 120,000, likaima pakati pa dzuwa ndi chigawo china cha mphete, chigawocho chimakhala mu usiku. Zidutswa zija sizilekeza ulendo wawo, zimalowa mu mdimawo n'kukatulukira tsidya lina pasanathe maola atatu.

Mukadzawaonetsanso chithunzicho, musayambe n'kufotokoza. Yambani n'kuwafunsa kuti dzuwa lili kuti, ngakhale kuti pa chithunzipo silikuoneka. Mthunzi wa pulaneti nthawi zonse umaloza kosiyana ndi kumene kuli dzuwa, monga chimachitira chithunzithunzi cha munthu, ndiye ngati mphete zadulidwa chakumanja, dzuwa lili chakumanzere. Akapeza zimenezo, afunseni ngati dzuwalo likuwomba mphete kuchokera pamwamba kapena pansi. Mizere yakuda ikakhala kumpoto kwa ikweta ndiye kuti dzuwa lili kummwera kwa mphete, ndipo kumpotoko kuli m'theka lozizira la chaka cha Saturn.

Mizereyo muiyang'anitsitse, chifukwa uliwonse ndi chidindo cha mphete imene yaugwetsa. Wokhuthala, wakuda kwambiri uja, ndi wa mphete yothinana yotchedwa B, imene kuwala sikuidutsa kwenikweni. Kamzere kowala ka pambali pake ndi dzuwa limene ladzera pa mpata wa pakati pa mphete B ndi A, pamene timizere totuwa, tosada kwambiri, ndi ta mphete C, imene zidutswa zake n'zotalikirana. Yonseyi imapindika ngati uta chifukwa chinthu chafulati chikugwetsa mthunzi pa chinthu chobulungira. M'mphepete mwake mumaoneka mwakuthwa chonchi chifukwa Saturn ali kutali ndi dzuwa kuposa ife maulendo 9 ndi theka, motero kumeneko dzuwa ndi kadontho chabe, ndipo kuwala kochokera pa kadontho kumadula mthunzi wosasokonekera m'mbali.

Mithunziyi imayenda, koma mwa kamba. Saturn ndi wopendekeka madigiri pafupifupi 27 ndipo amatenga zaka 29 ndi theka kuti azungulire dzuwa, motero kwa zaka pafupifupi 15 dzuwa limawomba nkhope imodzi ya mphete, kenako n'kusamukira ku inayo. Pamene Cassini inkafika mu 2004, mithunzi ya mphete inali itakuta chigawo chachikulu cha kumpoto, ndipo kumpotoko kunkaoneka kwa buluu, zimene asayansi amati zinkachitika chifukwa chifunga cha pamwamba chinali chitachepa ndi kuzizira, kuwala n'kumalowa kwambiri mu mpweya woyera umene umamwaza mtundu wa buluu, ngati mmene limachitira thambo lathu. Mu Ogasiti 2009 mithunziyo inali itasanduka ulusi umodzi pa ikweta, kenako inayamba kutsetserekera kummwera mpaka mu Meyi 2017. Nawonso mthunzi wa pulaneti umafupika, moti mu 2009 unkadula mphete zonse mpaka kunja, koma mu 2017 unkathera chakumayambiriro kwa mphete A, mbali yake yakunja yonse n'kutsala pa dzuwa. Ndiye chithunzi chanucho, ngati amene anachisindikiza sanachizondotse, n'chapakati pa 2004 ndi 2009. Ophunzira anu mungawauzenso kuti mithunzi iwiriyi si ya lero, chifukwa Robert Hooke wa ku England anaiona kale pa telesikopu yake n'kuijambula pa pepala mu 1666.

FUNSO: Ine ndimasoka zovala, sayansi ndinaisiyira kusukulu, koma ndimakonda zithunzi za kuthambo. Ndili ndi zithunzi ziwiri za mphete za Saturn. Pa choyamba mphete yapakati, yotakata ija, ndi yoyera mbee, ndipo kunja kwake kuli mzere wakuda bii. Pa chachiwiri zinthu zatembenuka, mphete yotakatayo ndi yakuda ndipo mzere uja ndi umene ukuwala. Kodi wina anachisintha pa kompyuta kuti atipusitse? Ndine mayi wowerenga magazini yanu nthawi zonse.

YANKHO: Mayi, palibe anakupusitsani, ndipo yankho lili m'manja mwanu momwemo. Yanikani panja bulangete loyera lokhuthala ndi nsalu yoyera yopyapyala, n'kuima mbali imene dzuwa likuwomba. Bulangete ndi limene lidzawale kwambiri, chifukwa likubweza kuwala konse, pamene nsaluyo idzaoneka yozimiririka pang'ono poti kuwala kwina kwaipyola. Kenako zungulirani kuseri. Bulangete lija lidzakhala lakuda, koma nsalu idzakhala ikuwala ulusi uliwonse. Chithunzi chanu choyamba anachijambula ataima mbali ya dzuwa, chachiwiricho anachijambula ali kuseri, ku nkhope ya mphete imene dzuwa silikuiwomba.

Mphete yotakatayo ndi B, yaikulu makilomita pafupifupi 25,000 m'lifupi, ndipo ndi yothinana kuposa zonse, ndiye bulangete lathu lija. Mzere wa kunja kwake ndi Mpata wa Cassini, umene katswiri wa zakuthambo Giovanni Domenico Cassini anautulukira mu 1675 ali ku Paris, ndipo ndi waukulu makilomita pafupifupi 4,800. Pa telesikopu umangooneka wakuda, motero zinali zosavuta kuganiza kuti mulibe kanthu. Pamene chombo cha Pioneer 11 chinkadutsa ku Saturn mu Seputembala 1979, chinaona mphete kuchokera ku nkhope yosawombedwa ndi dzuwa, ndipo mpata uja unali ukuwala. Chinthu chopanda kanthu sichingawale, ndiye kuti mu mpatamo muli zidutswa, kungoti n'zochepa, ngati ulusi wa nsalu yopyapyala.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale ophunzira kwambiri. Pa nsalu yanu mukaboola bowo n'kuima kuseri, mudzaona thambo lowala pa bowolo, koma m'mlengalenga mulibe thambo lowala, muli mdima wokhawokha, ndipo kuwala kodzera pa bowo kumangopitirira osakhota kuti kulowe mu kamera. Choncho ku nkhope ya kuseriyo malo akuda angatanthauze zinthu ziwiri zotsutsana kotheratu, kuti pamenepo zidutswa zathinana mpaka kuwala kwalephera kudutsa, kapena kuti palibiretu chidutswa choti chimwaze kuwalako. Chimene chimawala ndi chapakatikati chokha, chosathinana kwambiri komanso chosasowa kanthu, monga mphete C ndi Mpata wa Cassini. Munthu wongoyang'ana chithunzi chimodzi, popanda mawu ofotokoza kuti dzuwa linali mbali iti, sangadziwe ngati akuona khoma kapena khomo. N'chifukwa chake ineyo ndimaona kuti osindikiza amene amadula mawu a pansi pa zithunzizi kuti malo akwane amalakwira owerenga, popeza mawuwo ndi theka la chithunzi.

Asayansi amasiyanitsa ziwirizi m'njira zingapo. Yosavuta ndi kuyerekeza nkhope zonse ziwiri, chifukwa mpata weniweni, monga Mpata wa Encke wa makilomita 325 umene uli mu mphete A, umakhala wakuda uku ndi uko, kupatula timphete tochepa timene tili mkati mwake. Njira ina ndi kudikira kuti nyenyezi idutse kuseri kwa mphete n'kuyeza mmene kuwala kwake kukuphethirira, kuzima pothinana, kuyaka pa mpata, ndipo chombo cha Voyager 2 chinachita zimenezi mu 1981, Cassini n'kudzazibwereza kambirimbiri. Pali umboni winanso umene umandisangalatsa kwambiri. Pamene umodzi wa miyezi ya Saturn (ndikunena miyezi yozungulira pulaneti, osati ya pa kalendala) wagwetsa mthunzi wake pa mphete, kamera ili ku nkhope ya kuseri, mthunziwo umaoneka bwino pa malo owala, koma ukafika pothinana pa mphete B umasowa, n'kukaonekeranso patsogolo. Mthunzi sungaoneke pamalo pamene kuwala sikunafike n'kale.

FUNSO: N'chifukwa chiyani pa zithunzi za Saturn sipaoneka nyenyezi, chikhalirecho chombo chili m'mlengalenga mmene nyenyezi ziyenera kuchuluka?

YANKHO: Nyenyezi zilipo, koma kamera sinapatsidwe nthawi yozionera. Ngakhale kuti kuwala kwa dzuwa ku Saturn n'kochepa maulendo pafupifupi 90 poyerekeza ndi kuno, madzi oundana amene ali pa dzuwa amawalabe kwambiri kuposa nyenyezi, motero kamera imatsekulidwa kanthawi kochepa kuti mphete zisangokhala chiyereyere. Jambulani ndi foni khoma lowalitsidwa ndi nyali usiku, ndipo thambo la pamwamba pake lidzatuluka lakuda lopanda nyenyezi. Kamera ikatsekulidwa nthawi yaitali pofuna kujambula chinthu chosawala kwenikweni, nyenyezi zimaoneka, nthawi zina ngati timizere chifukwa chombo chinali chikuyenda. Dziwaninso kuti makamera a Cassini ankajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo mitundu imapezeka pophatikiza zithunzi zitatu zojambulidwa kudzera m'magalasi osefa kuwala, lofiira, lobiriwira ndi la buluu. Galasi losefalo ndi limene limagamula chimene chide. Mu Juni 2023 telesikopu ya James Webb inajambula Saturn ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, kwa mtundu umene mpweya wa methane umameza, ndipo pulaneti linatuluka lakuda, mphete zokha zikuwala, ngakhale kuti zonsezo zinali pa dzuwa limodzi.

FUNSO: Ndine wophunzira. Ndinawerenga kuti mphete za Saturn m'malo ambiri n'zopyapyala mamita 10 okha, koma kuti penapake pali zinthu zotalika makilomita oposa awiri. Anayeza bwanji kutalika kumeneko, chombo chikujambula kuchokera kutali?

YANKHO: Anayeza mthunzi, ndipo masamu ake inunso mungawachite. Dzuwa likakhala paliwombo, chithunzithunzi cha munthu chimakhala pa mapazi ake, koma likapendeka madzulo chimatalika mpaka kumuposa mwiniwake kakhumi. Dzuwa likakwera madigiri 45, mthunzi umalingana ndi chinthu chimene chaugwetsa. Likakhala pa madigiri 27 mthunzi umachiposa kawiri, pa digiri imodzi umachiposa maulendo 57, ndipo pa theka la digiri umachiposa maulendo pafupifupi 115. Munthu akadziwa mmene dzuwa lakwerera n'kuyeza mthunzi pa chithunzi, kutalika kwa chinthucho kumatuluka kokha.

Mwayi wa mithunzi yaitali chonchi umabwera kawiri kokha pa chaka cha Saturn, pamene dzuwa likusamuka ku nkhope ina ya mphete kupita ku inzake. Zinatero pa 11 Ogasiti 2009, ndipo m'miyezi yozungulira tsikulo dzuwa linkangoyenda theka la digiri pa mwezi, motero pa mphete zonse kunali ngati madzulo osatha. Ntchito ya Cassini inayenera kutha mu 2008, koma NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, inaiwonjezera, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuti chombocho chione nyengo imeneyi. Chilichonse chotukuka pamwamba pa mphete chinadziulula chokha. Kamwezi kotchedwa Daphnis, kakakulu makilomita 8 okha, kamayenda mu Mpata wa Keeler, umene uli mkati mwa mphete A pafupi ndi m'mphepete mwake mwa kunja, ndipo njira yake ndi yopendekeka pang'ono, motero mphamvu yake yokoka imanyamula zidutswa za m'mphepete mwa mpatawo n'kupanga mafunde. Mafundewo ankaoneka kale, koma mthunzi ndi umene unaonetsa kuti amatukuka mpaka kilomita imodzi ndi theka, kuposa kukhuthala kwa mphete maulendo 150. Taonani masamu aja. Funde lotero, dzuwa lili pa madigiri 27, limagwetsa mthunzi wa makilomita atatu, umene pa zithunzi zambiri sudzaza n'kadontho kamodzi komwe, koma dzuwa likatsikira pa theka la digiri, mthunzi womwewo umatalika makilomita oposa 170. M'mphepete mwa kunja mwa mphete B munaonekanso milu ya zidutswa yotukuka mpaka makilomita awiri ndi theka, itagwetsa mithunzi yosongoka ngati mano a chipeso, ndipo zimenezi ndi zimene munawerenga.

Kwa ine zithunzi za m'miyezi imeneyo ndi zopambana zonse zimene Cassini inatumiza, ngakhale kuti n'zosakongola kwenikweni. Mphete zinali zitada, zikuwalitsidwa makamaka ndi kuwala kobwerera kuchokera pa pulaneti, moti okonza zithunzi anachita kuziwonjezera kuwala kuti zioneke, ndipo mphete A inazizira mpaka madigiri 230 pansi pa ziro. Dzuwa linadutsanso chimodzimodzi pa 6 Meyi 2025, koma kunalibe chombo choti chione, popeza Cassini inamaliza ulendo wake polowa mu mpweya wa Saturn pa 15 Seputembala 2017.

FUNSO: Ndili ndi telesikopu yaing'ono. Miyezi ingapo yapitayo kuseri kwa Saturn ndinkaona kamdima pa mphete mbali imodzi. Kenako kanasowa, ndipo masiku amenewo mphete zinawala kuposa pulaneti. Tsopano kamdimako kabwerera, koma mbali inayo. Kodi vuto ndi galasi langa?

YANKHO: Galasi lanu lili bwino, ndipo maso anunso ndi akuthwa. Kamdimako ndi mthunzi wa pulaneti pa mphete. Ife tili pafupi ndi dzuwa kwambiri poyerekeza ndi Saturn, motero timamuyang'ana nthawi zonse kuchokera mbali imene kuwala kukuchokera, ndipo kusiyana kwa njira ziwirizi sikupitirira madigiri 6 ndi theka. Mthunzi wambiri umabisala kuseri kwa pulaneti, ife timangoona kamphepete kake. Masiku 378 aliwonse dziko lathu limadutsa pakati pa dzuwa ndi Saturn, ndipo pamenepo mthunzi umabisaliratu. Tisanafike pamenepo umasuzumira mbali imodzi, tikadutsa umasuzumira mbali inayo. Pa chifukwa chomwechi, kuchokera kuno Saturn amaoneka wathunthu nthawi zonse. Mukaona chithunzi chimene Saturn ali theka, kapena ngati mwezi umene wangokhala kumene, dziwani kuti chinajambulidwa ndi chombo, ndipo zombo zimene zinafikako n'zinayi zokha, Pioneer 11, Voyager 1, Voyager 2 ndi Cassini. Chikakhala chosachokera kwa izi ndiye kuti n'chojambulidwa pamanja kapena chopangidwa pa kompyuta.

Kuwala kwa mphete kumene munaonako kuli ndi chifukwa chake. Chidutswa chilichonse cha mu mphete chimagwetsa kamthunzi pa zinzake za kuseri, ndipo masiku ena onse timaona zidutswa zowala zosakanikirana ndi timithunzi timeneti, diso n'kuphatikiza zonse kukhala kuwala kocheperako. Koma dzuwa likakhala kumbuyo kwathu ndendende, chidutswa chilichonse chimaphimba mthunzi wake womwe, n'kutsala mbali zowala zokhazokha. Yesani m'mawa dzuwa likangotuluka, muime pa udzu mutalifulatira, ndipo mudzaona kuti udzu wozungulira mutu wa chithunzithunzi chanu ukuwala kuposa wa kutali. Palinso chifukwa chachiwiri, chokhudza mmene mafunde a kuwala amalimbitsirana akamabwerera njira imene anadzera, koma choyambachi n'chimene Hugo von Seeliger wa ku Munich anafotokoza mu 1887, ndipo anati chikusonyeza kuti mphete si chimbale cholimba. Wasayansi wina, James Clerk Maxwell, anali atanena kale zimenezi mwa masamu mu 1859. Pulaneti silisintha kwenikweni chifukwa mitambo yake ilibe timithunzi totere toti tibisike. Cassini inajambulapo chinthu chomwechi ili pafupi, ndipo chinaoneka ngati kadontho kowala pa mphete, kamene kankayenda limodzi ndi chombo, poti sikanali chinthu cha pa mphete koma malo amene anali moyang'anizana ndi dzuwa.

FUNSO: Ndinaona chithunzi chimene Saturn ndi wakuda, atazunguliridwa ndi kamzere kowala, mphete zikunyezimira, ndipo kunja kuli mphete ina yaikulu ya buluu imene sindinaionepo pa zithunzi zina. Pansi pake analemba kuti kadontho kena ndi dziko lathu. Mphete ya buluuyo inachokera kuti?

YANKHO: Zithunzi zotchuka za mtundu umenewu n'ziwiri, cha pa 15 Seputembala 2006 ndi cha pa 19 Julayi 2013, ndipo pa zonsezi Cassini inali mkati mwa mthunzi wa Saturn, pulaneti litaphimba dzuwa ngati kadamsana. Kamera siyang'ana chakudzuwa popanda chotchinga, ndipo nafenso, poonekera ku Saturn, timakhala pafupi ndi dzuwa nthawi zonse, n'chifukwa chake dziko lathu linajambulidwa pa mpata umenewu, lili pa mtunda wa makilomita oposa 1.4 biliyoni. Kamzere kozungulira pulaneti ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwakhota podutsa mu mpweya wa m'mphepete mwake.

Mphete ya buluuyo ndi E, ndipo imakhalapo nthawi zonse. Ganizirani chipinda chamdima chimene kuwala kwalowa pa kabowo ka zenera. Mukafulatira zenera simuona fumbi lililonse, koma mukayang'ana chakumene kuwala kukuchokera, tifumbi timaoneka tikuuluka mbwee. Tinthu tating'onoting'ono chonchi sitibweza kuwala, timangokukhotetsa pang'ono kukupitirira kutsogolo, pamene zidutswa zazikulu zimakubwezera kumene kwachokera. Mphete E ndi fumbi la madzi oundana lochokera ku mwezi wa Enceladus, waukulu makilomita pafupifupi 500, umene umafwaphula nthunzi ndi tizidutswa kudzera m'ming'alu ya kummwera kwake, ndipo akasupe amenewa anajambulidwa mu 2005 pogwiritsa ntchito njira yomweyi, dzuwa lili kuseri. Lamulo lomweli limamasulira mizere yodabwitsa ya pa mphete B, yooneka ngati masipoko a njinga, imene Voyager 1 inajambula mu 1980. Chombo chikamayandikira, dzuwa lili kumbuyo kwa kamera, mizereyo inali yakuda, koma chitadutsa n'kucheuka inali yowala, ndipo kutembenuka kumeneku n'kumene kunaonetsa kuti ndi fumbi losalala, osati mithunzi wamba.

Mukayang'anitsitsa thupi la pulaneti pa zithunzizi, mudzaona kuti silakuda lonse. Usiku wa Saturn umawalitsidwa ndi mphete, monga mwezi umawalitsira usiku wathu, ndipo theka limene likuyang'ana nkhope ya mphete yowombedwa ndi dzuwa ndi limene limawala kwambiri.

FUNSO: Pa chithunzi cha mwezi wa Iapetus theka ndi loyera, theka lakuda ngati makala, koma malire ake ndi okhotakhota. Kodi ndi mthunzi wa Saturn?

YANKHO: Ayi, umenewo si mthunzi, ndi mtundu wa nthaka yake. Malire a usana ndi usiku amakhala osalala ndipo amasuntha dzuwa likasuntha, pamene malire a Iapetus ndi amathothomathotho ndipo amakhala pa zigwa zomwezo chaka ndi chaka. Mbali yakudayo ikakhala pa dzuwa mumaonamo maenje okhala ndi mithunzi yawoyawo, zimene sizingatheke pamalo pamene pali kale mu mthunzi. Mwezi umenewu, waukulu makilomita pafupifupi 1,470, umazungulira Saturn masiku 79 utamulozetsa nkhope imodzi, ndipo mbali imene imatsogola pa ulendowo imawola fumbi lakuda lochokera ku miyezi ya kunja, makamaka Phoebe. Malo akuda amatentha msanga, madzi oundana n'kuchoka kukaundananso kozizira, motero kokuda kumanka kuderadera, koyera kuyererayerera, mpaka mbali ina ikubweza kuwala kuposa inzake pafupifupi kakhumi. Giovanni Cassini, amene anautulukira mu 1671, ankauona ukakhala kumadzulo kwa Saturn, ukapita kummawa n'kumusowa, ndipo popanda kuona nthaka yake n'kamodzi komwe anaganiza kuti theka lake lina liyenera kukhala lakuda. Chombo chotchedwa ndi dzina lake chinadutsa pafupi ndi Iapetus mu Seputembala 2007 n'kujambula malirewo, timaenje takuda pa nthaka yoyera ndi nsonga za mapiri zoyera pa nthaka yakuda.